Mawu a Mlangizi: Kukaonetsa Ana Mzinda wa Lilongwe

 Sabata ino tiyambe taika makasu pansi, tikambirane za ulendo. Pa misonkhano ya makalabu ambiri a inu mumandifunsa kuti, "Kodi a Alangizi, n'kulakwa kutapa pa ndalama za fodya kuti tikaonetse ana mzinda?" Ine ndikuti si kulakwa ayi. Banja lililonse limene lakolola bwino liyenera kuuganizira ulendo wotere, malinga likausankhira nthawi yake ndi kuukonzekera bwino.

Tonse tidziwa zimene zimachitika fodya akagulidwa. Bambo amanyamuka yekha, nati akukaona ngati ndalama zalowa ku banki. Sabata imatha, kwa ena mwezi wathunthu, munthu ali pa Kasungu kapena ku Lilongwe. Pobwera amabwera ndi chitenje chimodzi, buledi ndi nkhani zambirimbiri, ndalama zitatsala kumowa. Mayi amene anathirira nazale, nawokera, napalira, nasoka fodya mpaka usiku pa chigafa, sadziwa n'komwe kumene mabelo aja anathera. Ana nawo amangomva za Lilongwe pa wailesi. Ndalama zimene bambo mmodzi amamwaza pa masiku otere zikhoza kunyamula banja lonse, kupita ndi kubwera, n'kutsalako zina. Chotero ngati mtima ukufuna kukapuma mutatha ntchito ya chaka, kapumeni pamodzi ndi a m'nyumba mwanu.

SANKHANI NTHAWI YOSALIMBANA NDI MUNDA

Masiku a tchuthi cha boma alipo ambiri pa chaka, koma si onse amene ayenera mlimi. Pa Khirisimasi ndi pa Chaka Chatsopano udzu uli pa liwiro, chimanga chikufuna feteleza wobereketsa, ndipo misewu yathu imakhala matope okhaokha. Pa 15 Januwale, tsiku la John Chilembwe, tili kubandira. Pa 3 Malichi, tsiku lokumbukira anthu ofera dziko, tili kuthyola fodya, ndipo ndalama m'nyumba mulibe. Pa Isitala ndi pa 14 Meyi, tsiku la Kamuzu, tili pakati pa kusankha ndi kudinda fodya, kukumba mtedza ndi kukolola chimanga. Pa 15 Okutobala, tsiku la Anakubala, dzuwa likuswa mtengo ndipo nazale ifuna madzi m'mawa ndi madzulo. Mukaisiya masiku atatu mudzapeza mbande zitafota, ndipo fodya wa chaka chimenecho wathera pomwepo.

Tsiku lotiyenera ife ndi la 6 Julayi, pamene tikumbukira ufulu wodzilamulira umene dziko lathu lidalandira mu 1964. Nthawi imeneyi chimanga chili m'nkhokwe, mtedza wauma, fodya wambiri wapita ku msika, nazale sinayambe, ndipo misewu ndi youma. Tsikuli likagwa Lachisanu kapena Lolemba, monga mu 2026 pamene 6 Julayi ndi Lolemba, mumakhala ndi masiku atatu otsatizana, ndipo ana sajomba ku sukulu. Likagwa pakati pa sabata, dikirani tchuthi cha sukulu cha mu Ogasiti. Koma musapitirire mwezi umenewo, pakuti Seputembala ndi wa nazale.

NDALAMA ZA ULENDO ZIKHALE ZOTSALA

Musanawerenge za basi, khalani pansi awiri, bambo ndi mayi, ndi pepala ndi pensulo. Poyamba chotsani ngongole zonse. Kenaka lipirani matenanti ndi aganyu amene anakuthandizani, chifukwa si bwino kuti ana anu akadye masikono mu mzinda pamene ana a wantchito wanu akugona ndi njala. Kenaka gulani feteleza ndi mbewu za chaka chamawa, muike m'nyumba pamalo pouma. Akulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Kumbukirani kuti mu Novembala 2023 mphamvu ya kwacha idatsitsidwa ndi 44 pa 100 iliyonse, ndipo amene anasunga ndalama m'thumba kudikira mvula anapeza kuti sizikwanira matumba amene anawerengera. Patulaninso fizi, mayunifolomu ndi makope a ana, popeza chaka cha sukulu chimayamba mu Seputembala.

Zimene zatsala mutachita zonsezi, ndizo mungatapepo za ulendo. Musagulitse chimanga cha m'nkhokwe kapena mbuzi yaikazi chifukwa chofuna kukaona magetsi. Musakongole kwa akatapila. Ngati zotsala n'zochepa, pitani nawo ana pa Kasungu pompa, mukaone msika, masitolo ndi phiri, n'kubwerera tsiku lomwelo. Kwa mwana wa zaka zisanu umenewo ndi ulendo waukulu ndithu, ndipo Lilongwe adzamuona chaka china.

Mitengo ya basi imasintha kawirikawiri, chotero funsani munthu amene wayenda sabata yomweyo. Mwana wokhala pamiyendo salipira, koma wokhala pa mpando wake amalipira. Ndalama zobwerera muzipatule musananyamuke, ndipo azisunge ndi mayi, kapena zikhale mu foni ku Airtel Money kapena TNM Mpamba. Nambala yachinsinsi musauze munthu, ngakhale amene akuti akukuthandizani.

PAKHOMO PASATSALE POPANDA MUNTHU

Pezani munthu wamkulu wokhulupirika woti azigona pakhomo, azitsekera mbuzi ndi nkhuku, azimwetsa ng'ombe ndi kuthirira kudimba. Julayi ndi mwezi wa moto wolusa, pamene anyamata amatentha tchire posaka mbewa. Lambulani kuzungulira nkhokwe, zigafa ndi khola musanachoke. Za ulendo wanu adziwe a m'banja ndi oyandikana nawo, si nkhani yolengeza pa bawo kapena pa mjigo.

Musatenge ana ambiri kuposa manja anu. Munthu wamkulu mmodzi asamale ana awiri oyenda okha, basi. Mayi amene wabereka khanda kumsana agwire mwana mmodzi yekha. Ngati ana ali ambiri, gawani, ena chaka chino, ena chaka chamawa, ndipo lonjezo limenelo mulisunge. Pogawa musasankhe anyamata okha. Mtsikana nayenso ali ndi maso ndi nzeru.

ZONYAMULA

Ku Lilongwe mu Julayi kumazizira kwambiri usiku ndi m'mamawa. Mwana aliyense akhale ndi juzi, chipewa ndi nsapato, ndipo tengani bulangete ndi neti ya udzudzu, chifukwa kumene mukupitako mwina alibe zapadera. Musaiwale mabuku a kuchipatala a ana onse, sopo, matewera okwanira, ndi mapaketi a Thanzi.

Kamba wa paulendo achokere kunyumba: mbatata yophika, mtedza wokazinga, nthochi, chikondamoyo, ndi madzi owiritsa m'chigubu choyera. Zakudya zogula pawindo la basi zimatha ndalama, ndipo simudziwa kuti zaphikidwa liti. Mwana asadye kwambiri ponyamuka, pakuti ambiri amasanza m'galimoto. Khalani ndi jumbo ndi kansalu pafupi.

PA MSEWU

Nyamukani m'bandakucha. Kuchoka kuno kukafika pa msewu wa tara wa M1 ambiri timadalira njinga zamoto. Ndikupemphani ndi mtima wonse, musakwere banja lonse pa njinga imodzi pofuna kusunga ndalama. Tengani ziwiri, ndipo woyendetsa amene akununkha mowa kapena wothamanga mumukane. Pa tara sankhani basi yaikulu kapena minibasi imene sinadzaze mopyola. Ana musawakweze pa lole kapena pamwamba pa matumba. Oitanira akamakukokerani katundu, inu gwirani ana, musagwire thumba.

Kuchoka pa Kasungu kukafika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 130. Ikani ana chakuwindo, koma asatulutse mutu kapena dzanja, ndipo muziwauza maina a malo. Mukangopitirira Kasungu pang'ono mudzafika pa Chinkhoma, pamene pali msika wa fodya wa m'boma lathu lino. Kenaka mudzaoloka mtsinje wa Bua, umene madzi ake amakathira m'nyanja ku Nkhotakota. Mudzadutsa pa Madisi ndi pa Mponela, m'boma la Dowa, kenaka pa Lumbadzi, kufupi ndi bwalo la ndege la Kamuzu. Mukachita mwayi ana adzaona ndege ikutera. Inu alimi, ponyani maso m'minda ya anzanu m'mbali mwa msewu. Onani amene anazula mitengo ya fodya ndi amene anaisiya kuti isunge matenda, amene anasiya mapesi m'munda ndi amene anatentha. Mwana wamkulu mumufunse kuti munda wabwino ndi uti.

ZOKAONA MU MZINDA

Polowa mu mzinda mudzayamba kufika pa Kanengo, ndipo kwa ana a mlimi malo amenewa ndiwo oyamba kuwadziwa. Pamenepo pali okushoni ya Lilongwe ndi mafakitale amene amakonza fodya asanapite kunja. Musayembekeze kulowa, pakuti si malo a ana, koma alozereni muli panja, muwauze kuti masamba amene amawaona pa chigafa amathera kuno, ndi kuti kuchoka pano amakakwera sitima za pamadzi kupita ku maiko akutali. Pomwepo adzaona nkhokwe zazitali za simenti za bungwe la National Food Reserve Agency, mmene boma limasungira chimanga cha nthawi ya njala. Afunseni kuti nkhokwe yathu ya kumudzi ingalowemo kangati. Adzaonanso njanji, imene idafika ku Lilongwe kuchokera ku Salima mu 1979.

Lilongwe idakhala likulu la dziko mu 1975. Kale likulu linali ku Zomba. Tsiku lachiwiri, mukatuluka ku tchalitchi kapena mukapumula, kwerani minibasi ya ku City Centre. Kumeneko kuli Nyumba ya Malamulo, imene idatsegulidwa mu 2010, kumene phungu amene mumamuvotera kuno amakakhala pokambirana malamulo. Pafupi pake pali manda a Dr Hastings Kamuzu Banda, mtsogoleri woyamba wa dziko lino, amene kwawo kunali konkuno ku Kasungu ndipo adamwalira mu 1997. Chapafupi pomwepo pali Capital Hill, pamene pali maofesi a maunduna, kuphatikizapo unduna wa za ulimi, ndiponso chipilala chachitali chokumbukira asilikali amene adafera pa nkhondo. Zonsezi mwana akhoza kuziona ndi maso popanda kuwononga ndalama zambiri, ndipo akadzaziwerenga m'buku ku sukulu adzati, "Ine ndidafikako."

Pakati pa City Centre ndi tauni yakale pali nkhalango m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi, pamene pali Lilongwe Wildlife Centre, malo osamalira nyama zakutchire zovulala ndi zamasiye. Pakhomo amalipiritsa, chotero funsani mtengo musanalowe. Chimene ndifuna ana aone kumeneko ndi mitengo. Kwathu kuno tatsiriza mitengo ndi zigafa, nkhuni ndi makala, kotero kuti ana ambiri sadziwa kuti tchire lenileni limaoneka bwanji. Aone kuti ngakhale pakati pa mzinda anthu akhoza kusunga nkhalango, ndipo pobwera mudzawapatse mbande zawozawo zoti adzabzale mvula ikagwa.

Msika waukulu uli ku tauni yakale, kufupi ndi depoti ya basi. Mayi ndi bambo, funsani mitengo ya nyemba, mtedza, tomato ndi nkhuku, muyerekeze ndi imene mavenda amatigula nayo pakhomo. Mukaona kusiyana kwake mudzamvetsa chifukwa chake timakulimbikitsani kugulitsa pamodzi pa kalabu. Koma kumsika ndi malo opanikizana, ndipo opisa m'thumba ndi ambiri. Ana aang'ono atsale kunyumba ndi munthu wamkulu. Timilatho tamitengo toolokera mtsinje wa Lilongwe kupita ku msika wa Tsoka musaoloke ndi ana.

Musafune kuona zonse pa tsiku limodzi. Mwana wamng'ono akayenda maola awiri watopa, ndipo akatopa amalira, bambo n'kukwiya, ulendo n'kuipa. Malo awiri pa tsiku akwanira. Masana pezani mthunzi, mudye, ana agone pang'ono.

ZOOPSA ZITATU

Choyamba ndi khamu la anthu. Pa 6 Julayi 2017, pa chikondwerero cha ufulu ku Bingu National Stadium, anthu anapanikizana pa chipata pofuna kulowa, ndipo anthu 8 adamwalira, 7 mwa iwo ana. Makolo, nkhani imeneyi isatichoke m'mutu. Kumene kuli mpira waulere kapena msonkhano waukulu, ana aang'ono musapite nawo. Bwaloli akhoza kuliona ali kunja tsiku limene kulibe zochitika. Ndiponso musananyamuke kumudzi, phunzitsani mwana aliyense kutchula dzina lake, dzina la bambo ndi mayi, mudzi wake, mfumu yaikulu Simlemba ndi boma la Kasungu. Lembani nambala ya foni pa kapepala, mumusokerere m'thumba la malaya. Muuzeni kuti akasochera aime pomwepo, asathamange, ndipo apemphe thandizo kwa wapolisi kapena kwa mayi wogulitsa malonda.

Chachiwiri ndi msewu. Mwana wa kumudzi anazolowera ngolo ndi njinga, sadziwa kuyesa liwiro la galimoto. Mu mzinda muli misewu ina yotakata imene magalimoto amayenda mizere iwiri kapena itatu mbali imodzi, ndipo njinga zamoto zimatulukira paliponse. Pooloka gwirani mwana pamkono, osati pa zala, muyang'ane kumanja, kumanzere, ndi kumanjanso. Poyenda m'mbali mwa msewu, wamkulu akhale mbali ya magalimoto. Dzuwa likamalowa mukhale mutafika kumene mukugona.

Chachitatu ndi madzi ndi zakudya. M'zaka za 2022 ndi 2023 kolera idapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Lilongwe inali pakati pa maboma amene adavutika kwambiri. Ana amwe madzi owiritsa kapena othira mankhwala okha. Asambe m'manja ndi sopo asanadye ndiponso akachoka ku chimbudzi. Mafilizesi ndi zakumwa zomangidwa m'timapepala musawagulire. Mwana akayamba kutsegula m'mimba mupatseni Thanzi msanga. Ngati mulibe, sungunulani masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi owiritsa, muzimumwetsa pang'onopang'ono muli pa ulendo wa ku chipatala. Woyamwa apitirize kuyamwa. Thupi likatentha musadikire kuti mukafike kumudzi, pitani naye ku chipatala chapafupi tsiku lomwelo.

KWA ABALE AMENE AKUKULANDIRANI

Ambiri a inu mudzafikira kwa mbale, kaya ku Area 25, kaya ku Kawale, ku Mtandire kapena kwa Chinsapo. Muimbireni foni sabata ziwiri zisanakwane, mumuuze tsiku lofika, tsiku lobwerera, ndi kuti muli angati. Musamudzidzimutse pakhomo ndi ana asanu. Moyo wa mu mzinda ndi wogula zonse: nyumba ya lendi, madzi, makala, ngakhale masamba a ndiwo amene ife timangothyola kuseri kwa nyumba. Chotero musapite chimanjamanja. Ndowa ya ufa, nyemba, mtedza, mfutso ndi nkhuku imodzi zidzamupeputsa kwambiri, ndipo adzakuitananinso.

Ana muwalangize za ulemu wa pakhomo pa eni. Asaseweretse mpopi, asagwire mawaya kapena kulowetsa zala ndi misomali m'mabowo a magetsi, ndipo ngati chimbudzi ndi chamadzi, funsani eni ake akuonetseni kagwiritsidwe kake. Safunsa adadya phula. Tsiku limene munanena kuti mubwerera, bwererani. Mlendo ndi mame. Ngati tchuthi chikutha Lolemba, nyamukani Lolemba m'mawa, kuti mudzafike kuno kukadali kowala ndipo ana adzadzuke bwino kupita ku sukulu Lachiwiri.

POBWERA

Mawu anga otsiriza ndi kwa inu abambo. Ana adzaona nyumba zosanja, magalimoto onyezimira ndi masitolo odzaza, ndipo ena adzayamba kunyoza khasu. Musawasiye ndi maganizo amenewo. Aonetseninso mbali ina, anyamata ogona pa depoti, ana opemphetsa m'misewu, ndi mtengo wa ndowa ya chimanga kumsika. Auzeni kuti nsima imene anadya kwa amalume idalimidwa ndi mlimi wonga inu. Auzeninso kuti ulimi uli ndi sukulu zake. Kumadzulo kwa mzinda, pa msewu wa ku Mchinji, kuli Chitedze, kumene akatswiri akhala akufufuza za mbewu kuyambira 1948, ndipo ku Bunda kuli sukulu yaukachenjede ya za ulimi. Mwana wa kwa Simlemba amene alimbikira sukulu akhoza kukafika kumeneko, nadzabwera kudzathandiza kwawo.

Mukafika kumudzi, madzulo pa moto, mwana aliyense afotokoze kwa agogo ndi kwa abale ake otsala zimene anaona. Wodziwa kulemba alembe, wosadziwa ajambule. Inu awiri tengani pepala lija, muwerenge zimene mwawononga, muone ngati zafanana ndi zimene munakonza, kuti chaka chamawa mudzadziwe poyambira.

Sabata yamawa tidzakambirana za kasankhidwe ka malo a nazale ndi kakonzedwe ka mabedi. Amene muli ndi mafunso mundipeze pa msonkhano wa kalabu. Tsalani bwino nonse, ndipo amene mukunyamuka muyende bwino.

Ine wanu,
Mlangizi wa Zaulimi